Kodi Mwamuna ndi Mkazi Wace Akondwere ndi Ciani pa Krisimasi?

Krisimasi itipeza m'dzinja, makasu ali m'manja, nkhokwe itatsala pang'ono kutha. Tsono ambiri afunsa kuti, Tidzakondwera ndi ciani, popeza tiribe mpunga kapena cobvala catsopano? Ena atenga ngongole. Ena agulitsa cimanga ca ana, mwamuna nakagonera kumowa, mkazi natsala yekha pakhomo. Kodi cimeneci ndi cikondwerero?

Taonani Yosefe ndi Mariya. Pa Luka 2:24 tiona kuti nsembe yao inali ya mbalame ziwiri, imene Levitiko 12:8 alola kwa munthu wosakhoza kupeza nkhosa. Anali osauka, koma sanasiyana pa ulendo wa ku Betelehemu, ngakhale pothawira ku Aigupto.

Cifukwa cace, abale, ndikupemphani musunge miyambo itatu. Woyamba: madzulo a pa 24 December khalani pansi awiriwiri, muululirane zolakwa za caka conse ndi kukhululukirana, kuti mkwiyo usalowe nanu m'nyumba ya Mulungu. Waciwiri: pa tsiku la Krisimasi mudyere mbale imodzi, cinkana masiku ena bambo adyera kwa amuna anzace. Wacitatu: patulani nsima ndi ndiwo, mupite nazo nonse awiri kwa wamasiye kapena nkhalamba yosowa woiphikira.

Wina adzati, Anzanga adzandiseka kuti mkazi wandidyetsa mankhwala. Alekeni aseke. Tsiku la ukwati munalonjeza pamaso pa Mulungu kwa mkazi ameneyu, si kwa iwo ai. Mowa utha m'mawa mwace, nsaru ing'ambika dzinja lisanathe. Koma mwana amene anaona atate wace akupepesa amace sadzaiwala kufikira atamanga banja lace.