Wotsala Kunja kwa Mzere

Kwathu ku Bowe, m'mapiri a Dowa, tili ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo aamuna. Iwo akhala pampando pakatikati, ndipo pangodya paima mkazi wawo wachiŵiri, amene banja silikonda kumtchula.

Tsono kwabwera makina osemera otchedwa CNC. Munthu amaloŵetsa chithunzi m'kompyuta, ndipo kompyutayo imatsogolera kachitsulo kozungulira pathabwa: pakuda kamakumba mozama, poŵala kamangopala pamwamba. Chosemacho sichikakamizidwa kukhala cha ngodya zinayi; chingathe kutuluka chozungulira ngati lichero. Msuweni wanga afuna agogo asemedwe motero. Koma lichero lilibe ngodya, ndipo mayi uja waima pangodya.

Kodi akatsala kunja, mlandu ngwa yani? Msuweni akuti ngwa makina. Ine ndikana. Mmisiri wa ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, akasiya munthu posema, adziŵa kuti lamsiya ndi dzanja lake. Makina angotsata mzere umene munthu walemba. Chimene atichitira nkutibisira manyazi basi. Inde, wojambula nayenso anasankha polekezera, koma mayiyu anamloŵetsamo.

Pepala limafwifwa, pamene thabwa la mlombwa lidzafika kwa zidzukulutudzi. Izo zidzaona nkhalamba ili yokha, osadziŵa kuti pali wina womfunsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndamuuza msuweni kuti akuze licherolo, apo ayi ngodya zinayi zija azisiye.