Zaka 46 za Kukuwa

Mu 1800, wasayansi wa ku England, Humphry Davy, analemba kuti mpweya wa nitrous oxide umachepetsa ululu, ndipo mwina ungathandize pa opaleshoni. Madokotala sanalabadire. Mpweyawo unangosanduka choseweretsa, anthu kumaukoka n'kumaseka, pomwe kuchipatala odwala ankadulidwabe miyendo ali maso, madoda atawapanikiza patebulo. Zinasintha mu Disembala 1846, Robert Liston atadula mwendo wa munthu ku London wodwalayo atagonekedwa ndi ether.

Zaka 46 zonsezo ankadikira chiyani? Ine ndimaona kuti vuto silinali la zipangizo lokha ayi. Anthu anauzolowera ululu mpaka kuyamba kuupezera zifukwa. Madokotala ena ankakhulupirira kuti ululu umalimbitsa wodwala kuti asafooke. James Young Simpson atayamba kupereka chloroform kwa amayi obereka ku Edinburgh mu 1847, ena anatsutsa kuti zowawa za pobereka n'zachilengedwe, zisachotsedwe. Mu 1853 John Snow anapereka mankhwala omwewo kwa Mfumukazi Victoria pobereka mwana wake Leopold, ndipo mawu otsutsa anayamba kuzilala.

Koma tisawaweruze onse mofanana. Mu Januwale 1848 mtsikana wa zaka 15 anamwalira pafupi ndi Newcastle atapatsidwa chloroform kuti amuchotse chikhadabo cha chala chakuphazi. Chikhadabo chabe! Amene ankaopa zotere anali ndi mfundo, ndipo mantha awowo anabala luso. Snow anafufuza mlingo woyenera wa mankhwala. Pang'onopang'ono kugoneka wodwala kunasiya kukhala ntchito yongopatsa aliyense amene ali pafupi: mu 1935 kunayamba dipuloma yakeyake, mu 1937 Robert Macintosh anakhala pulofesa wa ntchitoyi ku Oxford.

Ndiye otsutsa analipo amitundu iwiri. Wina ankati mankhwalawa akhoza kupha, tiwadziwe bwino. Winayo ankati kuvutikako n'koyenera. Woyambayo anapulumutsa anthu. Wachiwiriyo anangochedwetsa chifundo.

Kupirira sindikukunyoza. Pali zowawa zopanda mankhwala, monga maliro, ndipo pamenepo kupirira ndi mphamvu ndithu. Chimene ndikukana n'kukometsa ululu umene tingathe kuuchotsa. Ifenso timatero tikamati mwamuna salira, kapena tikamauza mayi ali pa matenda kuti asachititse manyazi pokuwa. Munthu akakuuzani kuti ululu umaphunzitsa, muyambe mwaona pamene waima. Nthawi zambiri wonenayo amakhala amene wagwira mpeni, osati amene wagona patebulo.