Chikomekome cha mkuyu pa foni

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu imafiira bwino kunja, koma woidya osaing'amba amatafuna zimene sanazione.

Ku Sharpevale, m'mbali mwa msewu wa M5 m'boma la Ntcheu, achinyamata amapatsirana mapulogalamu a pafoni kudzera pa Bluetooth kapena memory card posafuna kutha bandulo. Pulogalamuyo imabwera ndi dzina loyenera komanso kachithunzi koyenera. Foni yomweyo ndi imene mwiniwake amalembapo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba.

Akatswiri amasuzumira m'kati mwa fayilo ndi masamu otchedwa SHA-256. Kompyuta imawerenga fayilo yonse n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Wina akasinthamo kadontho kamodzi kokha, mzerewo umasinthiratu. Wokopera fayilo amayerekeza mzere wake ndi umene eni pulogalamu anaulengeza, ndipo ikasiyana, fayiloyo ndi yotaya.

Akuba nawo sagona. Pa 20 February 2016 anathyola webusaiti ya pulogalamu ya makompyuta yotchedwa Linux Mint n'kulozera anthu ku fayilo yokhala ndi khomo lobisika lolowera m'makompyuta awo. Anasinthanso mzere woyerekezerawo, moti woyang'ana ankaona zonse zikugwirizana. N'chifukwa chake eni mapulogalamu amasainira mzerewo ndi kiyi yachinsinsi imene amaisunga okha, ena onse n'kumatsimikiza ndi kiyi yapoyera.

Mafoni a Android nawonso amayang'ana siginecha. Pulogalamu yatsopano ikabwera yosainidwa ndi kiyi yosiyana, foni imakana kuiika pamwamba pa yakale. Koma yoikidwa koyamba kuchokera pa memory card, foniyo ilibe yakale yoiyerekeza nayo.