Chopatsidwa, chogula ndi chongotenga

Tchuthi cha ana asukulu chikamatha, sitima ya Ilala imachoka pa Likoma itanyamula mabanja obwerera ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, ndipo katundu wawo amakhala wochuluka kuposa amene anapita naye. M'madengu muli usipa ndi utaka wouma, malambe ndi ufa wa kondowole. M'zikwama muli mikanda, ziboliboli ndi timiyala tosalala timene ana atola m'mbali mwa nyanja ku Khuyu. M'mafoni muli zithunzi zosawerengeka. Zonsezi anthu amazitcha zikumbutso, koma sizinalowe m'katundumo mofanana. Zina banja linapatsidwa, zina linagula, ndipo zina linangotenga. Kodi chinthu chongotengedwa chingakumbutse munthu za malo moona?

Chikumbutso chodziwika kwambiri pa Likoma chinachita kubwera kuchokera kutali. M'tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera cha mpingo wa Anglican, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia. Pansi pa mtengowo ndi pamene anakwirira mtima wa David Livingstone atamwalira mu 1873. Susi, Chuma ndi anzawo anasiya mtimawo pamenepo, nanyamula thupi mpaka kugombe la nyanja ya mchere, ndipo linakaikidwa ku London. Mtengowo unadulidwa mu 1899 utayamba kuwola. Chigawo chimene panalembedwa dzina lake chinatumizidwa ku London, zidutswa zina zinamwazikana, ndipo kwa Chitambo kunatsala chipilala. Mlendo woima patsogolo pa mtandawo amakumbukira Livingstone. Mudzi umene unasunga mtengowo zaka 26 ndi ochepa amene amaukumbukira. Umu ndi mmene zikumbutso zambiri zimachitira: zimasunga nkhani ya wapaulendo, nkutaya nkhani ya eni malo.

Buku lachiwiri la Mafumu, mutu 5, limasimba za anthu awiri amene anachoka ndi katundu pa ulendo umodzi. Naamani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, atachira khate mu mtsinje wa Yordani, anafuna kupita kwawo ndi dothi la dziko la Israele lokwanira kusenza nyulu ziwiri. Dothi silidula, ndipo munthu waudindo ngati iye akanatha kungouza anyamata ake kuti akumbe. Koma anayamba wapempha kwa mneneri Elisa, natchula chimene ankalifunira. Gehazi, mnyamata wa mneneriyo, anamuthamangira m'njira, nanama kuti watumidwa, nalandira siliva ndi zovala, nakazibisa m'nyumba. Dothi la Naamani linali ndi nkhani yoti akhoza kuifotokoza poyera kwa aliyense womufunsa. Katundu wa Gehazi anali wamtengo wapatali, koma mwini wake sakanatha kunena mmene anamupezera.

Mayi wa m'tauni amene wagula dengu la usipa ku Khuyu sanabe kanthu. Komabe ndi bwino kumvetsera mmene amasimbira nkhaniyo akafika kunyumba. Kawirikawiri chimene amanyadira ndi mtengo: anatchula wakuti, ine ndinawatsitsa mpaka wakuti, nkuonjezanso banyira. Banja lomwelo linalipira tikiti ya sitima popanda kunenerera, linalipira chipinda chogona popanda kutsutsa, ndipo ku sitolo yaikulu ya m'tauni limapereka ndalama imene yalembedwa pa katundu osatsegula pakamwa. Luso lonse lonenerera limasungidwira mayi woyanika usipa pathandala, amene sangadikire wogula wina chifukwa sitima ikachoka papita masiku kuti ibwerenso.

Kunenerera pakokha si tchimo. Ndi mwambo wa pamsika, ndipo wogulitsa naye amatchula mtengo woyamba akudziwa kuti utsika. Mlendo wolipira chilichonse chimene wauzidwa amavutitsanso eni mudzi, pakuti mawa nsomba yomweyo imawakwerera iwo. Vuto limayamba pamene wogula waona kuti mnzakeyo wapanikizika, iye nkufinya pomwepo. Dothi la pa Likoma ndi lamchenga ndi miyala, chimanga sichichita bwino, choncho ufa, shuga, sopo ndi zina zambiri zimabwera pa sitima, mtengo wake utakwera kale. Ndalama imene mlendo wapulumutsa pa dengu ija, kwa iye ndi ya mayunitsi a foni. Kwa wogulitsa ndi ya ufa umene wawoloka nyanja. Mayiyo akati, "Tengani bwana, ndingotani," mawuwo sasonyeza kuti agwirizana. Usipa wotero umakoma ndithu pa nsima, koma ukukumbutsa banjalo za kuchenjera kwake, osati za Khuyu.

Zithunzi ndiye zimatengedwa mosavuta kuposa zonse, chifukwa wojambula amaganiza kuti sanachotse kanthu. Malambe aakulu a pachilumbapo, mapiri a ku Mozambique amene amaonekera tsidya lina cha ku Cobué, ngalawa za matanga: izi munthu ajambule mmene angafunire. Koma pali ana osamba m'nyanja osavala, agogo otsuka mbale pagombe, msodzi wosoka ukonde atavala malaya ong'ambika. Bambo amene sangalole mlendo kujambula mwana wake pakhomo pake ku Area 25 kapena ku Chilomoni amajambula ana a eni ake popanda moni, ndipo sitima isanafike ku Nkhata Bay chithunzicho chili kale pa Facebook ndi mawu oyamikira moyo wosalira zambiri wa kumudzi. Ojambulidwawo sadzachiona, ndipo dzina lawo palibe analifunsa. Kupempha kumangofuna mawu ochepa: "Agogo, tingakujambuleniko?" Nthawi zina yankho limakhala lakuti ayi, kapena lakuti dikirani ndikavale chitenje china. Yankho lachiwirili limaonetsa chimene wojambula mwakabisira amalanda, ndicho ufulu wa munthu wosankha mmene akufuna kuonekera pamaso pa anthu.

Za timiyala ta ana palibe mlandu, nyanja sidzasauka nato. Mwana akatola mwala amadziwa pamene anautola ndi amene anali naye, ndipo patatha chaka angathe kufotokoza zonse. Pa nkhani imeneyi ana amaposa makolo awo.

Palinso katundu wa mtundu wina, amene amalemera kwambiri ngakhale sanagulidwe. Anthu ambiri a m'mizinda kwawo ndi ku Likoma komweko, pakuti sukulu za mishoni zinatulutsa aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe amene anamwazikana m'dziko lonse mpaka kunja. Iwowa popita kutchuthi amafikira kwa achibale. Tsiku lonyamuka azakhali amatulutsa phukusi la nsomba zimene akhala akusunga, nalikankhira m'manja mwa mlendo, ndipo kukana nkunyoza. Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Azakhaliwo sanatchule mtengo, koma aika kanthu m'nyumba ya m'tauni ija: akuyembekeza kuti foni yawo idzayankhidwa, kuti mdzukulu akadzabwera kudzafuna sukulu kapena chipatala adzapeza pogona, kuti pa maliro abale a m'tauni sadzangotumiza uthenga. Ena amaopa mphatso zotere chifukwa cha ngongole yake, nakonda kugula kuti nkhani ithere pompo. Mantha awo ngomveka, poti moyo wa m'tauni ngwodula ndipo achibale ngambiri. Komatu mwa zonse zimene zakwera Ilala, phukusi limeneli ndi lokhalo limene eni ake akudziwa kumene likupita ndi dzina la amene walinyamula.

Nsombazo zimatha pa sabata ziwiri kapena zitatu. Chiboliboli chimakhala pa kabati zaka zambiri chikutola fumbi, alendo akachifunsa yankho nkukhala dzina la chilumba basi. Azakhali aja amaimba foni mwezi wa Januwale, nthawi imene fizi ya ana ikufunika ndipo mitengo ya ufa yakwera mbali zonse ziwiri za nyanja.