Pamene Vuto Laonekera ndi Pamene Lachokera

M'madera a mafamu a Mashonaland, kuyambira ku Karoi ndi Banket kufikira ku Bindura ndi Marondera, njinga ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene wantchito wa pafamu amagula ndalama ikapezeka, ndipo pakati pa eni njingazi pali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kuvuma kwa Zambia, amene mpaka lero amayankhula Chichewa m'makomboni. Njinga zakuda zakale za Raleigh ndi Humber, zimene makolo awo ankapalasa, zambiri zinali za giya imodzi ndiponso za mabuleki a timitengo ta chitsulo toonekera poyera, kotero kuti chinthu chikavuta diso linkachipeza msanga. Zinthu zasintha ndi kuchuluka kwa njinga za magiya ambiri, kuphatikizapo zopepuka za matayala opyapyala, zoyenera msewu wa phula monga wa Harare kupita ku Chinhoyi, chifukwa pa njinga zotere phokoso limamveka kumbuyo pamene chochititsa chake chingathe kukhala kutsogolo. Apa pali funso limene Achewa akhala akulimbana nalo kuyambira kale, lakuti kodi pamalo pamene vuto laonekera ndi pomwe pali chifukwa chake, ndiponso kodi chifukwa chikapezeka ndiye kuti wolakwa wapezekanso.

Kachipangizo kotchedwa derailleur, kamene kamalendewera pafupi ndi habu ya gudumu lakumbuyo, ntchito yake ndi kusuntha tcheni kuti chichoke pa giya ina ndi kukwera kapena kutsikira pa inzake. Sikadziyendetsa kokha, pakuti lamulo limachokera ku dzanja la wokwera pa mahandulo, n'kuyenda m'waya wopota wachitsulo wokula pang'ono kuposa milimita imodzi. Wayayo amayamba ali m'kapaipi kakuda komuteteza, amatuluka n'kutsika ali maliseche m'mbali mwa felemu, amakhota pansi pa mapedulo kudzera m'kanjira ka pulasitiki, kenaka amalowanso m'kapaipi kena kopindika ngati uta asanamangidwe ndi kabawuti pa derailleur. Luso lopatsa waya njira m'kapaipi limadziwika ndi dzina la Bowden, amene analilembetsa ku England mu 1896, ndipo kuyambira mu 1984, pamene kampani ya Shimano inayamba kufalitsa magiya osinthika ndi kaphokoso kamodzi pa giya iliyonse, kukoka kulikonse kumayenera kukhala kwa mamilimita owerengeka bwino, moti kulakwitsa pang'ono kumasokoneza magiya onse. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti waya amangokoka, sangakankhe. Pobwerera, derailleur amadalira sipulingi yake, imene mphamvu yake ndi yochepa poiyerekeza ndi ya dzanja la munthu.

Mwini njinga akamva tcheni chikukukuta amati magiya akulumpha, ndipo chimene ambiri amathamangira ndi kutenga sikuludiraiva n'kuyamba kupotokola timabawuti tiwiri ta pa derailleur tolembedwa H ndi L, poti phokoso likuchokera pamenepo. Timabawutito timangoika malire kuti tcheni chisagwere m'masipoko kapena kunja, ndipo kutigwira popanda chifukwa kumawonjezera vuto lachiwiri pa loyamba. Wokonza wodziwa ntchito amakoleka njinga pa nthambi kuti gudumu lakumbuyo likhale m'malere, amazunguza pedulo ndi dzanja limodzi, n'kuyang'ana mbali imene tcheni chikuchedwera. Ngati chikukwera bwino ku magiya akulu koma chikunyinyirika potsikira ku aang'ono, amadziwa kuti waya akukhuzika penapake, chifukwa dzanja limagonjetsa kulimbako koma sipulingi imalephera. Apo amamasula kapaipi komaliza, kamene kali pafupi ndi nthaka, n'kukasuntha pa waya, ndipo kawirikawiri amapezamo fumbi lofiira ngati la ku Mazowe litasakanizika ndi girisi wakale n'kukhala phala louma, kapena dzimbiri limene madzi a mvula ya Januwale anasiya. Nthawi zina kalusi kamodzi ka waya kamakhala kataduka m'kati mwa chosinthira magiya ku mahandulo, kutali kwambiri ndi kumene kukulira. Palinso zolakwika za amene anamanga wayayo: kapaipi kofupika kwambiri moti kukhota mahandulo kumasintha giya, kapaipi ka mabuleki koikidwa m'malo mwa ka magiya, kamene kamafinyika waya akakokedwa, kapena waya wodutsitsidwa mbali yolakwika ya kabawuti komangira, zimene zimasintha mtunda umene derailleur amayenda pa kukoka kulikonse.

Nzeru yakuti chochititsa chimakhala kutali ndi chizindikiro si yachilendo kwa Mchewa, amene amafunsa chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Chikhulupiriro cha mdulo, kapena tsempho, chimene J. W. M. van Breugel anachifotokoza m'buku lake la chipembedzo cha Achewa, chimanena kuti mwana angatupe nkhope ndi miyendo kapena kutsokomola chifukwa kholo lake laswa mwambo wa m'nyumba pa nthawi imene limayenera kudziletsa, kapena chifukwa munthu wotentha, ndiye kuti amene wakhala malo amodzi ndi mnzake, wathira mchere m'ndiwo. Achipatala amaona m'zizindikiro zomwezo kunyentchera, kuchepa kwa magazi kapena chifuwa chachikulu, ndipo pa chithandizo cha mwanayo iwo ndi amene ayenera kumveredwa. Komabe mwambowu unagwira chinthu choona, chakuti thupi la mwana limanyamula zochita za akulu, ndiponso kuti wodwalayo sindiye woyenera kuimbidwa mlandu. Pamene maganizo amenewa amapotoka ndi pomwe amaumirira kuti kumapeto kwa njira iliyonse kuyenera kupezeka munthu. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a ku Northern Rhodesia n'kusindikiza buku lake mu 1965, anaonetsa kuti milandu ya ufiti inkagwera kwambiri pakati pa abale a mbumba imodzi, kumene kunali kale mikangano ya chuma ndi ya unkhoswe. Mawu akuti pali dzanja la munthu akangotchulidwa pamaliro, kufufuza kumatha, chifukwa yankho limakhala litasankhidwa kale ndi chidani chimene chinalipo imfayo isanachitike.

Wokonza njinga uja sachita chotero. Akapeza fumbi m'kapaipi, wapeza chifukwa chenicheni, chogwirika ndi zala, koma sanapeze wolakwa, popeza fumbilo linalowa pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse wa ku chigayo ndi ku chipatala, ndipo palibe tsiku limodzi kapena munthu mmodzi amene angalozedwe. Kusiyanitsa kotere pakati pa chifukwa ndi mlandu kulinso m'Malemba amene alendo a ku Nyasaland ankawerengerana m'mapemphero a m'komboni, makamaka kuyambira mu 1912 pamene mbusa T. C. B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed anachoka ku Nyasaland kupita ku Salisbury (Harare wa lero) kukatumikira anthuwa, ntchito imene pambuyo pake inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Mu Yohane 9 ophunzira amafuna kudziwa ngati khungu la munthu wobadwa wosaona linachokera ku tchimo lake kapena la makolo ake, ndipo Yesu amakana zonse ziwiri. Mu Luka 13 amakananso kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo. Anzake a Yobu, amene anali otsimikiza kuti masautso ake anali umboni wa tchimo lobisika, ndi amene amadzudzulidwa kumapeto kwa bukulo. Asilamu, amene ambiri mwa iwo m'mafamu ndi m'migodi ya Zimbabwe ndi Ayao, nawonso amaphunzitsa kuti tsoka lingathe kukhala mayesero osati chilango.

Komatu kungakhale kulakwa kwakukulu kuchoka apa n'kunena kuti mavuto onse ndi fumbi, opanda mwini. Waya wodutsitsidwa molakwika anadutsitsidwa ndi munthu, ndipo mbiri ya antchito a m'mafamu a Mashonaland ili ndi njira zambiri zimene zinayalidwa ndi manja odziwika. Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lokhazikitsidwa mu 1903 limene ntchito yake anthu ankaitcha chibaro, linkasonkhanitsa amuna a kumpoto kwa Zambezi n'kuwagawira migodi ndi mafamu pa malipiro otsika. Pambuyo pake kunabwera magalimoto a Ulere, onyamula ofuna ntchito popanda kulipira, kuwafikitsa kumene alimi a fodya ankawafuna. Ambiri sanabwererenso kwawo, nakhala machona. Pa famu, nyumba, chakudya, sukulu ya ana ngakhale manda zinkadalira chifuniro cha mwini famu, ulamuliro umene Blair Rutherford anaufotokoza mu 2001 atafufuza m'boma la Hurungwe. Pamene kulanda mafamu kunayamba mu 2000, m'Zimbabwe munali antchito a m'mafamu oposa 300,000, ndipo ochepa kwambiri mwa iwo ndi amene anapatsidwako malo. Ambiri anaganiziridwa kuti ali kumbali ya mabwana awo ndi ya chipani chotsutsa cha MDC, ndipo ena anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'makomboni. Lamulo la unzika losinthidwa mu 2001 linafuna kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dzikolo, ndipo linasiya anthu obadwira ku Shamva kapena ku Trelawney, amene sanapondepo Lilongwe, ali alendo m'dziko lobadwira.

Pa nkhani imeneyi cholakwika cha mwini njinga wosadziwa uja chinachitika pa anthu amoyo. Umphawi, kusaphunzira ndi kusowa mudzi wobwererako zinkaonekera pa wantchito wa pafamu, ndipo anthu anapotokola pomwepo, namunena kuti ndi wopanda kwawo, wogona m'komboni ya mzungu mwa kufuna kwake, wovina zigure m'malo molima munda wake, ngakhale kuti Gule Wamkulu yemweyo anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Kufunsa kuti njira imene inamufikitsa pamenepo inayalidwa ndi yani, ndipo inakhota pati, kukanatenga nthawi ndiponso kukanakhudza maboma a atsamunda, eni mafamu ndi boma la ufulu lomwe.

Chovuta chenicheni, chimene chipembedzo ndi nzeru za makolo ziyenera kuvomereza, n'chakuti munthu sangadziwiretu ngati vuto limene lili patsogolo pake ndi la fumbi kapena la dzanja, pokhapokha atatsata njira yonse, ndipo pa moyo wa munthu zinthu ziwirizi zimapezeka m'kapaipi kamodzi. Mwana wotupa miyendo m'komboni angakhale atadwala chifukwa cha chilala, chimene palibe anachiitana, komanso chifukwa cha malipiro amene munthu wina anawaika. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anakonza mbali imene inali ya dzanja, povomereza kuti wobadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera ku dziko la SADC, amenenso ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma kuti munthu asinthe chitupa chake amafunika kalata ya kubadwa, ndipo agogo ambiri a m'makomboni anabadwira pa mafamu amene eni ake anachoka kalekale, kwa makolo amene imfa yawo sinalembedwe m'kaundula aliyense, kotero kuti adzukulu awo ena akulepherabe kupeza mapepala ofunika polemba mayeso a sukulu.