Ntchito Imene Maso Saiona

Pali funso lakale limene anthu anzeru akhala akulilingalira: kodi munthu ayenera kugwira ntchito mokhulupirika ngakhale pamalo pamene palibe amene adzayang'anepo? Poyankha ndi pakamwa, aliyense avomera msanga kuti inde. Koma ndalama zikachepa ndipo nthawi ikatha, yankho limene linali lapafupi lija liyamba kulemera. Nkhani ya munthu wina wa m'boma la Dedza, amene anaphunzira kuwotcherera zitsulo pokonza lole yakale, ithandiza kuliona bwino funso limeneli.

Munthuyo anali mlimi wa mbatata ya kachewere, ndipo anali ndi mkazi ndi ana anayi. Pomwalira, amalume ake anamsiyira lole ya mtundu wa Bedford, imene inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake. Malole a Bedford anayamba kupangidwa ku Luton, m'dziko la England, m'chaka cha 1931, ndipo kale anali ochuluka m'misewu ya dziko lino, akunyamula fodya, chimanga ndi anthu omwe. Tsopano sapangidwanso, ndipo otsalawo ndi nkhalamba zokhazokha. Injini ya lole imeneyi inali ikali ndi moyo, koma dzimbiri linali litadya thupi lake, kotero kuti popondapo dalaivala panali mabowo oti mwana n'kupisapo mwendo.

Poona kuti ndalama zolipira mmisiri pa ntchito yonseyo sizikanapezeka, mlimiyo anagulitsa mbuzi zake nagula makina aang'ono owotcherera, popeza nyumba yake inali pafupi ndi msika kumene magetsi anafika. Anagulanso marodi ndi chigoba cha kumaso chokhala ndi galasi lakuda, nayamba kudziphunzitsa yekha madzulo akaweruka kumunda.

Kuwotcherera sikumata ayi. Munthu wosadziwa ayesa kuti rodi ili ngati ulimbo umene ugwira zinthu ziwiri pamwamba pokha, koma sizitero. Mphamvu ya magetsi ilumpha kuchokera kunsonga ya rodi kunka pachitsulo, nipanga moto wotentha kupitirira madigiri 3,000, pamene chitsulo chisungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Chotero milomo ya zitsulo ziwirizo isungunuka pamodzi ndi rodiyo, ndipo zikazizira zikhala chitsulo chimodzi. Rodi ili ndi khungu lake louma. Khungulo likamapsa litulutsa utsi umene utchinga mpweya kuti usalowe m'chitsulo chosungunuka, pakuti mpweya ukalowa chitsulo chikhala ndi timabowo m'kati ngati chisa cha njuchi. Lisiyanso chikhungwa chakuda pamwamba, chimene wowotcherera ayenera kuchigogoda ndi kuchichotsa asanawotchererenso pomwepo. Rodi yovala khungu chotere anaitulukira Oscar Kjellberg, mmisiri wa ku Sweden, m'chaka cha 1907.

Masabata oyamba anali owawa. Akayandikiza rodi kwambiri inali kumamatira pachitsulo. Akaitalikitsa, moto unali kuzima. Akachulutsa mphamvu ya magetsi anali kuboola chitsulo chopyapyala, ndipo akaichepetsa, rodi inali kungodontha pamwamba ngati ndowe za mbuzi. Tsiku lina anayang'ana motowo kangapo ndi maso okha, poyesa kuti kuyang'ana pang'ono kulibe kanthu. Pakati pa usiku anadzuka maso atafiira, akupweteka ngati wina wathiramo mchenga, ndipo mkazi wake anachezera kumuika nsalu yonyowa pankhope. Kuyambira tsiku limenelo sanayatsenso makina wopanda chigoba, ndipo ana anawaletsa kuima pafupi.

Itapita miyezi iwiri dzanja linazolowera. Anatseka mabowo a pansi aja, nakonza zitseko, nalimbitsa mbali za kumbuyo konyamulira katundu. Anthu opita kumsika anayamba kuima ndi kumuyamikira. Tsono tsiku lina, atalowa kunsi kwa lole, anapeza mng'alu pa chasisi, pafupi ndi pamene pagwira masipuling'i a kumbuyo. Chasisi ndi zitsulo ziwiri zazitali zimene zisenza injini, thupi ndi katundu yense. Ndiwo msana wa galimoto. Iye anawotcherera mng'aluwo monga anali kuchitira ndi zitseko, napala bwino, ndipo mzere wake unaoneka wokongola kuposa yonse imene anaipanga kale. Utoto wakuda anali atagula kale, ndipo nyengo yokumba mbatata inatsala masabata awiri.

Madzulo ake kunadza mkulu wina wa m'mudzimo, amene anagwira ntchito yowotcherera m'tauni zaka zambiri. Anagwada nayang'ana kunsi kwa lole nthawi yaitali, nati, "Mwana wanga, tengani zidutswa ziwiri zochindikala ngati chitsulo ichi, muziwotcherere monga momwe mwachitira apa." Mlimiyo anatero. Mkuluyo anapana zidutswazo navimenya ndi nyundo yaikulu. Pomenya kachitatu zinalekana. Poyang'ana pothyokapo anaona kuti moto unangonyambita pamwamba. Pansi pake milomo ya zitsulo inali yosasungunuka, ndipo m'kati munatsekeredwa dzimbiri ndi chikhungwa chija.

"Nanga ndalakwa pati, bambo?" anafunsa mlimiyo.

Mkuluyo anati, "Mwaufunditsa bulangete mng'aluwo. Ukali m'tulo pansi pake, ndipo udzadzuka tsiku limene mudzatsike pa Khwekhwerere ndi katundu. Chitsulo chochindikala chifuna kupalidwa mpaka chiwale. Kumapeto kwa mng'alu tiboola kabowo kuti usapitirire, ndipo mng'aluwo tiukumba ngati ngalande kuti moto ufike pansi penipeni. Tikatero tiikapo chitsulo china cholimbitsa. Imeneyi si ntchito ya dzanja la miyezi iwiri. Ndipo zitsulo za chiwongolero ndi thanki ya mafuta musadzazikhudze ndi moto konse."

Akale anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma nzeru ya mwambiwu ithandiza wogula mkuyu. Funso lovuta lili kwa mwini mkuyu amene waziona nyererezo. Anthu awiri okha ndiwo anadziwa za mng'alu uja. Utoto ukanaubisa kwa wina aliyense. Mbatata inali kudikira, ndipo kubwereka galimoto ya wina kukanadya gawo lalikulu la phindu la chaka chonse. Kodi munthu wotere akanapaka utoto, akanakhala wolakwa?

Ena anganene kuti loleyo ndi yake, ndipo munthu achita chimene afuna ndi chinthu chake. Mawu amenewa ali oona pa khasu, pakuti khasu likaguluka m'munda avutika ndi mwini yekha. Koma lole iyenda pamsewu wa anthu onse. Inyamula aganyu okweza matumba. Kumudzi inyamulanso odwala, ndi anthu operekeza maliro. Mayi wokwera ndi mwana kumbuyo sayang'ana kunsi kwa galimoto, ndipo ngakhale atayang'ana sangadziwe kanthu. Iye akhulupirira kuti amene anagwira ntchitoyo anaigwira bwino. Chinthu chimene anthu ena aikapo moyo wao sichikhalanso cha mwini yekha.

Ena anganene kuti kapena sipakanathyoka, popeza alipo magalimoto ambiri owotchereredwa mwachisawawa amene ayenda zaka osagwa. Izi n'zoona. Komatu munthu woponya muvi usiku kuloza kumudzi sayesedwa wosalakwa chifukwa chakuti muviwo wagwa pabwalo popanda munthu. Mwayi usintha mathero a ntchito, koma susintha mtima umene unaigwira.

Enanso anganene kuti mng'aluwo unali waung'ono. Pamenepa mbiri ya amisiri ili ndi phunziro. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a ku America anapanga zombo zambiri mofulumira powotcherera zitsulo zake. Mu Januwale 1943, chombo chatsopano chonyamula mafuta, dzina lake Schenectady, chinathyoka pakati chili chiimire padoko la ku Portland, madzi ali bata. Ofufuza anapeza kuti mng'alu unayambira pamalo owotchereredwa molakwika. Pambuyo pake Constance Tipper, mayi wophunzira za zitsulo wa ku Cambridge, anaonetsa kuti chitsulo cha zombo za nthawi imeneyo chinali kuuma ngati galasi kukazizira, kotero kuti mng'alu ukangoyamba unali kuthamanga osaima. Mng'alu uyamba pamalo ofooka, ndipo katundu akamaupinda tsiku ndi tsiku ukula mwakachetechete kufikira tsiku limene chitsulo chotsala sichingathenso kusenza.

Nanga wophunzira asalakwe kodi? Iyayi, kulakwa kwa wophunzira si tchimo. Palibe anabadwa akudziwa kugwira rodi, ndipo mabowo onse amene mlimi uja anaboola pazitseko anali malipiro a sukulu yake. Ngakhale pamene anawotcherera chasisi analibe mlandu wa chinyengo, pakuti anayesa kuti wachita bwino. Mlandu ukanayamba pamene nyundo inalankhula. Asanaone pothyoka paja anali munthu wosadziwa; ataona, akanapaka utoto, akanakhala munthu wobisa. Kudziwa kusenzetsa munthu katundu amene analibe dzulo. Chifukwa cha ichi alipo ena amene safuna kuyesa ntchito yao kapena kufunsa odziwa, kuti mtima wao usawatsutse. Koma kukana kuyesa pamene nyundo ili pafupi ndiko kubisa komwe, kungoti munthuyo wayamba ndi kudzibisira yekha. Safunsa anadya phula. Ndipo pa nkhani ya galimoto phulalo adya ndi ena amene sanalitole.

Chotsutsa cholemera koposa ndi umphawi, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Munthu wachuma atumiza galimoto yake kwa amisiri, osamva kuwawa. Kwa mlimi uja kukhulupirika kunali ndi mtengo: ndalama za sukulu ya ana, feteleza wa chaka chamawa. N'zoona kuti ntchito yoongoka ilemera kwambiri paphewa la wosauka. Koma amene akwera malole akale ndani? Si anthu achuma ayi. Ndi osauka anzake. Akanapaka utoto, umphawi wake sukanatha. Akanangousenzetsa anansi ake osawafunsa, ndipo iwo akanalipira ndi miyendo kapena moyo.

Mlimiyo sanagone bwino usiku umenewo. M'mawa mkazi wake anati, "Abambo, ngati mtima ukukana, musapake. Mbatata tidzalimanso." Pamenepo iye anatenga tupa ndi chopalira nachotsa ndi manja ake mzere wokongola uja. Chaka chimenecho mbatata inapita kumsika pa galimoto yobwereka, ndipo phindu linachepa ndithu. Ndi ndalama zotsalazo analipira mkulu uja kuti akonze chasisi, iye ali pambali kupenyerera ndi kumpatsira zida. Miyezi yotsatira anapitiriza kuwotcherera zidutswa ndi kuzithyola ndi nyundo, chimodzichimodzi, kufikira tsiku limene chitsulo chinapindika koma powotcherera osalekana.

Palibe anamthokoza chifukwa cha zimenezi. Anthu okwera lole yake ayamikira utoto ndi kulira kwa injini; za chasisi sadziwa kanthu. Umo ndi momwe ikhalira ntchito yobisika: ikagwiridwa bwino sipamveka mbiri iliyonse, anthu angofika kumene akupita natsika.

Phunziro limeneli silili la owotcherera okha. Womanga nyumba ali ndi maziko amene dothi lidzawakwirira. Telala ali ndi msoko wa m'kati. Mzamba ali ndi manja amene ayenera kuwasamba ngakhale palibe womuona, ndipo mphunzitsi ali ndi makope a ana amene angathe kuwachonga osawawerenga. Munthu aliyense ali ndi malo ena m'ntchito yake pamene utoto ungabise cholakwa, ndi anthu ena amene adzatsamira pamenepo osadziwa. Chotero yankho la funso lija ndi ili: munthu ayenera kukhulupirika koposa pamalo pamene maso safika, chifukwa pamenepo anzake alibe chowateteza china koma iye yekha. Ndipo wophunzira ntchito iliyonse achita bwino kuphunzira zinthu ziwiri pamodzi: kugwira chida, ndi kudziwa pamene dzanja lake liyenera kulekera kuti aitane wodziwa.