Kodi dzina la mtundu limatiuza zonse?

Abale anga, akatswiri a zomera amaika mgwalangwa, kanjedza ndi chiwale m'banja limodzi lotchedwa Arecaceae. M'banja lomweli mulinso tikanjedza tam'miphika timene makasitomala anga a ku Namiwawa amakonda kuika pakhonde. Kwawo n'ku Mexico, m'nkhalango, pansi pa mitengo ikuluikulu. Mgwalangwa umakondwa ndi dzuwa la ku Chikwawa, koma timeneti mukatiika padzuwa masamba amapsa.

Wogula akangofunsa dzina osafunsa kasamalidwe, sipatenga nthawi, mtengo wauma.

Nafenso timatero ndi anthu. Timati "Alomwe ndi otere, Ayao ndi otere." Mwana wofatsa timamukalipira kuti bwanji sakufanana ndi mkulu wake, mpaka mwanayo amafota. Dzina limangonena kumene munthu wachokera. Chimene akufunika kuti akule, mpofunika kumuyang'anitsitsa mwiniwakeyo.

Inuyo pakhomo panu, ndani amene mukumuumiriza padzuwa pomwe iye ndi wa mumthunzi?